Kodi Purosesa Yotsika Mtengo Ndi Yotchipadi?

Pali mau aŵiri amene amachititsa munthu wanzeru zake kuiŵala masamu onse amene anaphunzira kuyambira Sitandade 1 mpaka Folomu 4. Mau ake ndi akuti "mtengo watsika." Akangolembedwa ndi inki yofiira pa chipepala chomatidwa pa galasi la sitolo ku Limbe, kapena akangotumizidwa pa WhatsApp pamodzi ndi chithunzi cha katundu, mtima umayamba kugunda, dzanja n'kuloŵa m'thumba mutu usanafunsidwe. Pa malaya a pa kaunjika zimenezi sizivuta kwenikweni, pakuti malaya umawatambasula, n'kuona pong'ambika, n'kuwayesa pathupi. Koma pali katundu wina amene maso sangathe kumuyesa, ndipo wotere ndiye purosesa ya kompyuta ya pa tebulo.

Nkhaniyi si ya anthu a ndalama okha ayi. M'Bangwe muno achinyamata ambiri amene alemba mayeso a MSCE, koma malo ku yunivesite sanawapeze, amaganiza zotsegula kachipinda kotayipira makalata ofunsira ntchito, kusindikiza mapepala a mayeso, kukonza zithunzi za pa ziphaso ndi kuika nyimbo m'mafoni. Mpamba wake umachokera ku banki m'khonde, kapena kwa malume amene ali ku Johannesburg, kapena pa mbuzi imene mai agulitsa kumudzi. Aphunzitsi nawonso, makamaka amene ali m'makomiti a sukulu, amatumidwa kukagula makompyuta ophunzitsira Computer Studies ndi ndalama zimene makolo asonkha movutikira. Ndalama zotere sizibwera kaŵiri. Zikagwera m'madzi, mpamba watha koma ngongole yatsala.

Tiyambe tadziŵa chinthu chimene tikukambachi. Purosesa ndi kachipangizo kaphanthiphanthi, kosaposa bokosi la machesi, kamene kamakhala pa bolodi lalikulu m'kati mwa kompyuta, kataphimbidwa ndi fani. Ndiko kamachita masamu onse amene amatembenuza kudina kwa chala chanu kukhala chilembo pa sikirini. Mapurosesa a makompyuta ambiri amene amafika kuno amapangidwa ndi makampani aŵiri a ku America: Intel imene inayamba mu 1968, ndi AMD imene inayamba mu 1969. Pamene Intel inatulutsa purosesa yake yoyamba yotchedwa 4004 mu 1971, inali ndi timaswitchi 2,300 m'kati mwake. Za masiku ano zili nato mabiliyoni. Tsono purosesa sikalamba monga tayala la njinga limene limatha ndi msewu. Imatha kugwira ntchito zaka khumi ndi zisanu osadwala. Imakalamba chifukwa azing'ono ake obadwa pambuyo amaiposa mphamvu, amadya magetsi ochepa, ndipo kaŵirikaŵiri amagulidwa motchipa kuposa m'mene iyo inagulidwira.

Mfundo yanga m'nkhani ino ndi imodzi. Phindu la purosesa silipezeka pochotsera mtengo watsopano pa mtengo wakale. Limapezeka poyankha mafunso atatu: idzagwira ntchito yanji, idzafuna zinthu zina ziti kuti igwire ntchitoyo, ndipo yatsala ndi zaka zingati za ntchito. Amene wayankha mafunso aŵa ndiye angathe kunena ngati wagula motchipa kapena wangothandiza wamalonda kusesa m'sitolo.

Taonani kaye mtengo wodulidwa mzere uja. Tiyerekeze kuti wamalonda walemba K150,000, wadula mzere pamenepo, pansi pake n'kulemba K95,000. Wogula amachotsera msangamsanga, n'kunena kuti wapindula K55,000. Koma kodi K150,000 ija anaikhazikitsa ndani? Ndi mwini sitolo yemweyo, ndi cholembera chomwecho. Purosesa yotchedwa Core i7-2600 inatuluka mu Januwale 2011 pa mtengo wa pafupifupi madola 300, ndipo nthaŵi imeneyo inali mfumu. Mu 2020 Intel yomweyo inatulutsa Core i3-10100 pa madola 122, purosesa imene imagwira ntchito mofulumira kuposa mfumu ija. Chotero aliyense amene amayesa kutsika kwa mtengo wa i7-2600 kuchokera pa mtengo umene inabadwa nawo akufanana ndi munthu wogulitsa nkhuku yosiya kuikira pa mtengo wa msoti, n'kumati wachotserako.

Kuno kwathu nkhaniyi imasokonezekanso ndi kugwa kwa Kwacha. Mu Meyi 2022 mphamvu ya Kwacha inachepetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Katundu wa madola 100 amene anali K118,000 dzulo lake anadzuka ali K170,000, iye osasintha kanthu. Zikatero manambala a Kwacha amakwera okha, ndipo nkwapafupi kukweza mtengo wa katundu wogonera m'shelefu, kenaka n'kuutsitsa pang'ono ndi inki yofiira. Mtengo wodulidwa mzere sunena kanthu za purosesayo. Mtengo woyenera kuyerekeza nawo ndi wa purosesa ina imene ingagwire ntchito yomweyo, yogulitsidwa lero lomwe lino m'sitolo yachiŵiri ndi yachitatu.

Chachiŵiri chimene chimapusitsa anthu ndi dzina. Ambiri tinamva kuti i7 imaposa i5, ndipo i5 imaposa i3. Zimenezi nzoona pokhapokha onse atatu akakhala a m'badwo umodzi. Kaputeni wa timu ya mpira ya mu 2011 analidi kaputeni, koma musamuike kuti athamangitsane ndi mnyamata wa zaka makumi aŵiri amene wangoloŵa m'timu chaka chino. M'badwo wa purosesa ya Intel umalembedwa pa manambala otsatira kamzere. Manambalawo akakhala anayi, yoyambayo ndiyo m'badwo: i5-2400 ndi ya m'badwo wachiŵiri wa mu 2011, i5-4570 ndi ya wachinayi wa mu 2013, i5-6500 ndi ya wachisanu ndi chimodzi wa mu 2015, ndipo i5-8400 ndi ya wachisanu ndi chitatu wa mu 2017. Akakhala asanu, muŵerenge aŵiri oyambawo: i3-10100 ndi ya m'badwo wa 10, i5-12400 ndi ya m'badwo wa 12. Kwa AMD, banja la Ryzen linayamba mu 2017, chaka chimene Ryzen 5 1600 inatuluka, kenaka 2600 mu 2018, 3600 mu 2019 ndi 5600X mu 2020. Ngakhale makompyuta athunthu ochokera m'maofesi a kunja amaulula zaka zawo pa dzina: Dell OptiPlex 790 imanyamula m'badwo wachiŵiri, OptiPlex 9020 wachinayi, OptiPlex 3060 ndi 7060 wachisanu ndi chitatu. Wamalonda akangonena kuti "ndi i7 iyi bwana," n'kulekera pomwepo, watchula mfunda wokha, dzina ndi zaka wabisa.

Palinso nambala ya GHz imene amalonda amaikonda, chifukwa ikakula imaoneka ngati mphamvu. Tiyerekeze ndi aganyu m'munda. GHz ikunena kuti waganyu amaponya khasu kangati pa kamphindi. Chiŵerengero cha ma core chikunena kuti aganyuwo alipo angati. M'badwo ukunena za kukula kwa khasu ndi luso la woligwira. Pentium 4 inafika pa 3.8 GHz kalekale mu 2004, koma inali waganyu mmodzi wa khasu lakutha. Core i5-8400 imayambira pa 2.8 GHz pokha, koma ndi aganyu asanu ndi mmodzi a makasu atsopano, ndipo Pentium 4 singaione ndi fumbi lomwe. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika. Komabe fanizoli lili ndi mbali ina imene tisaiiŵale: palibe wolemba aganyu khumi kuti alime kadimba ka mpiru ka kuseri kwa nyumba. Kutayipa kalata, kuŵerengera malikisi a ana asukulu ndi kusindikiza mapepala sikufuna ma core ambiri. Anayi akwana ndi kutsala. Wokonza mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe ndiye amapindula ndi asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi atatu. Mphamvu imene simudzaigwiritsa ntchito ndi yodula ngakhale itatsika mtengo ndi theka.

Tsopano tifike pa funso lachiŵiri lija, la zinthu zoyenda nayo. Purosesa payokha ndi kachitsulo chabe. Imakhala m'kabowo kake pa bolodi lalikulu limene amisiri amalitcha motherboard, ndipo kabowoko, kotchedwa soketi, kamasintha ndi mibadwo. Mibadwo yachiŵiri ndi yachitatu ya Intel imakhala mu LGA1155, wachinayi mu LGA1150, wa 10 ndi 11 mu LGA1200, wa 12 mpaka 14 mu LGA1700. Msampha woipitsitsa uli pa LGA1151, pakuti mibadwo ya 6 ndi 7 ndiponso ya 8 ndi 9 imatchula soketi yomweyo, koma bolodi lopangidwira mibadwo iŵiri yoyambayo silidzutsa iŵiri yotsatirayo. AMD inachita bwinopo pamenepa: soketi yake ya AM4, imene inabwera mu 2016, inalandira ma Ryzen kuyambira 1000 mpaka 5000, ngakhale kuti bolodi lakale limafuna kuti pulogalamu yake ya m'kati yotchedwa BIOS ikonzedwe kaye. Bolodi likasintha, nthaŵi zina RAM nayonso imasintha, pakuti DDR3, DDR4 ndi DDR5 siziloŵerana m'malo. Apa ndi pamene munthu amene anakondwera kuti wapulumutsa K55,000 amapezeka akufunafuna ndalama zoposa pamenepo zogulira bolodi ndi RAM. Wagula mbereko mwana asanabadwe.

Zilembo za kumapeto kwa dzina nazonso zili ndi mtengo wake. Purosesa ya Intel yothera ndi F, monga i5-9400F, ilibe mbali yotumiza zithunzi ku sikirini. Imatchipirapo ndithu, koma popanda kugula khadi lapadera la zithunzi sikirini yanu idzakhala yakuda bii. Chimodzimodzi Ryzen 5 5600 imafuna khadi lotere, pamene Ryzen 5 5600G siifuna. Yothera ndi K nthaŵi zambiri imabwera yopanda fani m'bokosi. Chilembo chimodzi chokha chingathe kumeza kutsika konse kwa mtengo. Choncho masamu oona ndi aŵa: mtengo wa purosesa, kuphatikizapo bolodi, RAM, fani, khadi la zithunzi ngati likufunika, ndi malipiro a mmisiri womanga. Chiŵerengero chimenecho ndicho muyerekeze ndi mtengo wa kompyuta yathunthu ya m'badwo womwewo. Nthaŵi zambiri yathunthuyo imapambana.

Funso lachitatu ndi la zaka zotsala. Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 monga inkachitira kale, kutanthauza kuti zigamba zotseka mipata imene mbava za pa intaneti zimaloŵera sizibweranso mwachizoloŵezi. Windows 11, imene inatuluka mu 2021, imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo, kapena Ryzen 2000 kupita m'tsogolo, ndiponso kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Maofesi a m'maiko olemera amachotsa makompyuta amene sakwanitsa zimenezi, ndipo katundu wochotsedwa amafunafuna msika. Mukaona mapurosesa a m'badwo wachinayi kapena wachisanu ndi chimodzi atatsika mtengo mwadzidzidzi, si kuti wina wakumverani chisoni. Alipo anyamata odziŵa kukakamiza Windows 11 kuloŵa m'kompyuta yakale, koma Microsoft silonjeza kusamalira kompyuta yotere. Kwa munthu wosunga makalata, ziphaso ndi manambala a makasitomala, kapena sukulu yosunga malikisi a ana, mzere umenewu wa m'badwo wachisanu ndi chitatu ndi wofunika kuposa mzere wofiira wa wamalonda.

Pa zaka zotsalazi tiŵerengereponso magetsi. Core i5-2400 ndi i7-2600 zinalembedwa mawati 95, pamene i5-8400 ndi i3-10100 zinalembedwa mawati 65. Nambalayi kwenikweni imanena za kutentha kumene fani iyenera kuchotsa purosesa ikalemedwa ndi ntchito, koma kutentha konseko ndi magetsi amene mwalipira. Kusiyana kwa mawati 30, pa maola 8 patsiku kwa masiku 26, ndi mayunitsi 6 pamwezi. Pa mita ya ESCOM ndi zochepa, koma pa batire ndi nkhani yaikulu. Tonse tikukumbukira m'mene namondwe Ana anaonongera malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 mpaka mu 2023, ndipo wabizinesi aliyense wa m'Bangwe anaphunzira kuti ola limodzi la batire ndi ndalama. Purosesa yotentha imafunanso fani yothamanga, fani yothamanga imakoka fumbi, ndipo fumbi la mu Okutobala m'misewu yathu yopanda phula silichita kuitanidwa.

Wina angaganize kuti njira yothaŵira zonsezi ndi kugula yatsopano ya m'bokosi. Nayonso ifunsidwe mafunso. Mu 2024 Intel inavomera kuti ena mwa mapurosesa ake a m'badwo wa 13 ndi 14, makamaka amphamvu kwambiri, ankalandira magetsi opitirira muyeso n'kumaonongeka pang'onopang'ono, ndipo inaonjezera zaka ziŵiri pa chitsimikizo chawo. Wogula wa ku London angathe kubweza purosesa yotere mosavuta. Nanga wa ku Namiyango amene anagula kwa munthu wa pa WhatsApp popanda risiti akaibweza kwa yani? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kutsika mtengo kumene kwabwera chifukwa chochotsa chitsimikizo si kutsika ayi. Ndi kusamutsa tsoka kuchoka pa mutu wa wogulitsa kulisenzetsa wogula. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la mu 2003, lili ndi bungwe la boma la Competition and Fair Trading Commission, ndiponso bungwe la ogula la CAMA, koma onseŵa adzayamba akufunsani risiti.

Ndikudziŵa chimene ena mwa inu aŵerengi mukunena mumtima: "Aphunzitsi, mukulankhula ngati munthu wa malipiro a pamwezi. Wosauka sasankha. Kompyuta yakale iposa kukhala wopanda kompyuta." Mau aŵa ali ndi choonadi, ndipo sindikuwapeputsa. Kompyuta ya i5-2400 ikhoza kuphunzitsa mwana kutayipa, kukonza tebulo la masamu ndi kulemba pulogalamu yake yoyamba. Ikaikidwa Linux, monga Ubuntu kapena Linux Mint, imene ndi yaulere ndipo imasamalidwabe, ingathe kutumikira zaka zina ndithu, bola muyambe mwaona ngati makina anu osindikizira akugwirizana nayo. Sindikuletsa kugula chakale. Ndikuletsa kugula chakale pa mtengo wa chapakati chifukwa cha dzina la i7 ndi inki yofiira. Nkhalamba ilemekezedwe, koma ilipidwe monga nkhalamba.

Ndiponso amene ali kale ndi kompyuta yochedwa adziŵe kuti kaŵirikaŵiri wolakwa si purosesa. Makompyuta akale ambiri amachedwa chifukwa cha hadi disiki ya mbale zozungulira ndi RAM yochepa. Kuika SSD m'malo mwa disiki yakaleyo, ndi kukweza RAM kufika pa 8 GB, kumasintha kompyuta kuposa kuchotsa i5 n'kuika i7 ya m'badwo womwewo, ndipo sikufuna bolodi latsopano. Mmisiri woona mtima adzakuuzani zimenezi. Amene ali ndi purosesa yogonera m'kabati adzakuuzani zina.

Pomaliza, tsiku logula likafika, musalipire kanthu musanaone ndi maso. Kompyuta iyatsidwe pamaso panu. Dzina lenileni la purosesa limaoneka mu Task Manager ya Windows, kapena m'kapulogalamu kaulere kotchedwa CPU-Z, ndipo ligwirizane ndi zimene zalembedwa pa chipepala. Kamtepi komatidwa pa bokosi si umboni, pakuti aliyense angathe kumata. Muisiye igwire ntchito yolemera kwa theka la ola, mumve ngati fani ikulira modandaula kapena kompyuta ikuzima yokha. Mukagula purosesa payokha, mutenge nambala ya bolodi lanu, ndipo muone timapini: pa Ryzen ya AM4 tili pansi pa purosesa, pa Intel tili mu soketi ya bolodi, ndipo kamodzi kokha kopindika kangathe kulepheretsa zonse. Pa risiti palembedwe dzina lonse ndi manambala ake, tsiku, ndi masiku amene mungabweze. Wamalonda wokana zimenezi wakuyankhani kale. Wokufulumizitsani ndi mau oti "yatsala imodzi yokha" mumusiye agulitse kwa wina. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kwa aphunzitsi anzanga ndili ndi pempho. Timaphunzitsa ana kuti purosesa ndi ubongo wa kompyuta, iwo n'kuloŵeza, n'kukhoza mayeso. Koma mwana yemweyo akaima pa kauntala ku Limbe ndi ndalama za mai ake m'thumba, tanthauzo loloŵezalo silimuthandiza. Phunziro limodzi la mphindi 40, lolemba pa bolodi maina asanu a mapurosesa ndi kufunsa ana kuti atchule m'badwo, soketi ndi tanthauzo la chilembo chomaliza, lingapulumutse mpamba wa banja lonse. Mphunzitsi wa masamu naye atengepo chitsanzo cha maperesenti, afunse ana kuti 30 peresenti yochotsedwa pa mtengo wongopeka ndi ndalama zingati zenizeni. Ndipo komiti ya sukulu isavomere pepala la mitengo limene langolembedwa kuti "Core i5" popanda manambala otsatira, ngakhale litachokera kwa mnansi wa wapampando.

Kwa inu achinyamata amene mwangomaliza sukulu, kufunsa si umbuli. Safunsa anadya phula. Lembani pa pepala ntchito imene mukufuna kugwira, zinthu zonse zimene purosesayo idzafuna, ndi zaka zimene mukuyembekeza kuti ikudyetseni, ndipo pepalalo mulitenge popita ku sitolo. Mtengo wotsika mudzauyang'ane pomalizira penipeni, mafunso atatu aja atayankhidwa. M'gawo lotsatira tidzaona za makina osindikizira, amene amagulidwa motchipa koma inki yake n'kumadya phindu lonse.